Tsiku limene ndinapulumutsa munthu wosamira

Ntchito yanga ku Nkhata Bay inali yonyamula mathanki. M'mawa kuwatulutsa kuchipinda cha kompuresa, kuwandanda m'boti, madzulo kuwabweza, kutsuka masuti a mphira ndi zipsepse, basi kudikira mawa. Kudayiva ndinkadayiva ndithu, makadi awiri oyambirira ndinali nawo, koma ndalama yooneka amalandira ndi divemaster, munthu wotsogolera alendo pansi pa madzi. Kuti ufike pamenepo uyenera kukhala ndi khadi la Rescue Diver, ndipo bungwe la PADI silipereka khadi limenelo kwa munthu amene alibe satifiketi ya chithandizo choyamba yosapitirira miyezi 24. Abwana anati andilipirira maphunzirowo, azidula pang'onopang'ono kumalipiro. Ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe.

Nkhawa ndinalibe. Kwathu ndi ku Nkhotakota, kusambira ndinadziwa ndisanayambe kuvala kabudula, ndipo munthu womira ndinamuonapo akutsitsimutsidwa. Amalume anamugwira miyendo n'kumuzondotsa, wina akumukanda pamimba kuti madzi atuluke. Munthuyo anasanza, anadzuka, mpaka lero akuwedza. Nkhani imeneyi ndinaikamba m'kalasi tsiku loyamba lomwelo, nditaimirira, manja akusonyeza mmene amalume anachitira. Aphunzitsi athu, bambo a ku Likoma osachulutsa mawu, anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Munthu ameneyo anali ndi mwayi, achimwene. Khalani pansi."

Anafotokoza kuti madzi amene amatuluka ukamukanda munthu pamimba ndi a m'mimba, osati a m'mapapo, ndipo amakwera pamodzi ndi nsima yomwe n'kutseka njira ya mpweya. Chimene chikumupha womira ndi kusowa mpweya. Ubongo ukakhala mphindi zochepa chabe wopanda okosijeni umayamba kuwonongeka, choncho nthawi imene mukumuzondotsayo ndi imene munayenera kumuuzira mpweya. M'kalasimo munali anyamata awiri achizungu ndi achemwali ena aafupi, a magalasi, ochokera ku Monkey Bay, amene ntchito yawo ndi yofufuza za nsomba. Onse analemba zimenezi m'mabuku mwawo. Ine ndinalemba deti.

Chidole chophunzirira chinabwera m'sutikesi: mutu ndi chifuwa basi, nkhope ya mtsikana wotsinzina. Aphunzitsi anati chidole choyamba cha mtundu umenewu, Resusci Anne, chinatuluka mu 1960. Anachipanga ndi Asmund Laerdal wa ku Norway, wopanga zidole za ana, ndipo nkhope anaitengera kwa mtsikana wosadziwika amene akuti anavuulidwa atafa mumtsinje wa Seine ku Paris chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Akanandiuza zimenezi titamaliza bwenzi zili bwinoko. Lamulo limati uyambe waona ngati malowo alibe choopsa kwa iwe mwini, uvale magolovesi, umugwedeze munthuyo paphewa, udzitchule, upemphe chilolezo chomuthandiza. Ine ndinaleredwa ndi agogo. Ndinagwada mwaulemu n'kuyamba: "Zikomo mayi, mwaswera bwanji? Pepani ndakusokonezani, ine ndine wa chithandizo choyamba, kaya mungandilole..." Ndikanafika pofunsa za kunyumba aphunzitsi akanapanda kundiika wotchi pamphuno.

Kupsinja pachifuwa ndiye ndinati ndionetse chamuna. Chikhatho pakati pa chifuwa, dzanja lina pamwamba, mikono yowongoka, kupsinja ka 30, kuuzira mpweya kawiri, n'kuyambiranso. Liwiro lake ndi ka 100 mpaka 120 pamphindi, ndipo chifuwa chizilowa masentimita 5 kapena 6, osapitirira. Chidolecho chimalira "kha" ukafika pamlingo wake. Pamene ndinapsinja ine, ndi mikono yozolowera mathanki, chinalira mwamtundu wina, ndipo masana amenewo anzanga anaphunzirira pachidole chosungira. Aphunzitsi sanakalipe. Anangoti ngakhale kwa munthu weniweni nthiti zimatha kuthyoka, ndipo zikatero usaleke, pakuti nthiti imapola. Kenako analemba kanthu m'kabuku kawo. Kabuku kameneko ndinayamba kukaopa.

Inali nyengo ya mwera. Amene anakhalako kunyanja mu June amadziwa mmene mphepo imeneyi imang'ambira milomo ndi zala za munthu wogwira madzi tsiku lonse. Tsiku lophunzira za okosijeni ndinabwera nditadzola Vaseline mokwanira, nkhope ili phuliphuli. Aphunzitsi anatsegula bokosi lobiriwira, anatulutsa silinda, n'kufunsa amene angayambe kulumikiza. Ndinali woyamba kutambasula dzanja. Aka kanali koyamba kuwaona bambo amenewa akuthamanga. Anandikwatula silindayo n'kundiloza kumpopi ndi sopo: okosijeni wopanikizika akakumana ndi mafuta amabutsa moto, ndipo bokosi limenelo siliyandikana ndi girisi, petulo kapena ndudu.

Posamba m'manjamo ndinkamva phunziro likupitirira pawindo, ndipo ili lokha ndinaligwira bwino, mwina chifukwa ndinalibe mpata woyankhira. Mpweya wa m'thanki ndi womwe uno timapumawu, magawo 21 pa 100 okosijeni, pafupifupi 78 nayitirojeni. Pakuya kwa mamita 10 madzi amakupanikiza kawiri kuposa pamtunda, ndipo nayitirojeni amasungunukira m'magazi ndi m'minofu. Ukakwera pang'onopang'ono, osapitirira mamita 18 pamphindi, n'kuima mphindi zitatu pa mamita asanu, amatuluka yekha ndi mpweya. Ukakwera mothamanga amachita zimene Fanta wokhutchumula amachita ukamutsegula. Tithovu timeneto timakakhala molumikizana mafupa, m'mitsempha, ngakhale mumsana. Munthu amamva kuphwanya m'mapewa, dzanzi m'miyendo, chizungulire, kutopa kosadziwika bwino, nthawi zina patapita maola atatuluka m'madzi. Wotere umamugoneka, kumupatsa okosijeni weniweni wosasakaniza, ndi kuimbira a chipatala komanso a DAN, bungwe lothandiza odayiva limene linayamba mu 1980 ku Duke University ku America. Mankhwala ake enieni ndi chipinda chopanikiza mpweya, ndipo aphunzitsi akamanena za chipinda chimenecho ankatchula South Africa. Kwathu kuno pali vuto lina lapadera. Nyanja yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 470 kuchokera panyanja yamchere, pomwe malamulo a kudayiva amati ukapitirira mamita 300 uwerengere mwapadera. Ndiye Mzuzu, mtunda wosakwana makilomita 50 kuchokera padoko, ali pamwamba kupitirira mamita 1,200. Mlendo amene wadayiva m'mawa n'kukwera minibasi ya ku Mzuzu masana akusewera ndi tithovu tomwe tija, ngakhale sanakwere ndege.

Satifiketi ya pamtunda ndinaipeza, mwa chisomo. Zinatsala za m'madzi.

Munthu wochita mantha pamwamba pa madzi amadziwika: masiki wakankhira pamphumi, regulator yopumira walavula, maso ali tong'o, mutu akuukweza m'mwamba, ndipo chilichonse umuuze sakumva. Chimene akufuna ndi chinthu choti akwerepo, ndipo chinthucho ndiwe. Amatiphunzitsa kuima patali, kumulankhula, ndipo akapanda kumva umire, umuzungulire pansi, utulukire kumbuyo kwake, upane thanki yake ndi mawondo, umupopere jekete kuti ayandame. Wochita sewero la mantha anali achemwali a ku Monkey Bay aja. Nditawayang'ana msinkhu ndinaona kuti zomira ndi kuzungulira n'zotayitsa nthawi. Ndinapita chamaso, dzanja kutsogolo, ndikuti, "Musaope achemwali, ndabwera." Zimene zinachitika sindinazione bwino chifukwa masiki anga anapita poyamba. Ndinangomva bondo paphewa, chikhatho pamutu, ine pansi. Ndinamwa nyanja yokwanira. Potulukira ndinawapeza atayandama phee, akukonza tsitsi.

"Pepani achimwene, anati ndichite zenizeni."

Pofika tsiku lomaliza ndinali nditatsimikiza mtima kuti kabuku kaja kalembedwemo chabwino chimodzi. Aphunzitsi anatichenjeza kuti mayeso sadzalengezedwa: nthawi ina iliyonse wina adzapezeka pavuto, ndipo adzaona amene ali maso. Anatinso pofuna thandizo tisakuwe mawu enieni, kuopa kudzidzimutsa anthu pagombe. Tizikuwa kuti "chipisi". M'mawa umenewo iwo anali okwiya pang'ono chifukwa mandasi awo, amene anawasiya m'jumbo pansi pa mpando wa boti, anasowa. Anaganizira akhwangwala.

Tinaima pafupi ndi miyala, madzi ali mbee, mbuna zabuluu ndi zachikasu zikuoneka uli m'boti momwe. Anzanga analowa m'madzi ndi wothandizira aphunzitsi, ine anandisiya kuti ndiyang'anire pamwamba. Ndinayang'anira ndi mtima wanga wonse. Posakhalitsa ndinamuona: chapatali pang'ono, kufupi ndi mwala waukulu, munthu wovala thanki ali chafufumimba pamadzi, manja pansi, miyendo ili tasa, osagwedezeka. Thovu panalibe. Ndinawerenga mpaka khumi, sanasunthe. Mumtima ndinati aphunzitsi ndi ochenjera, abwereka munthu wachilendo kuti atipusitse, koma lero alemba m'madzi.

Khuvu! Ndinasambira ngati mmene sindinasambirirepo. Ndondomeko yake ndinkaidziwa pamtima: umuwaze madzi, umuitane, umugwedeze, akapanda kuyankha umutembenuze chagada, umutayire lamba wa mtovu, umuchotse masiki, umvetsere mpweya kwa masekondi khumi, uitane thandizo, umuuzire kawiri, kenako kamodzi pa masekondi asanu alionse uku ukumukokera kumtunda. Zitatu zoyambazo ndinaona kuti wotchi ya aphunzitsi singazikonde. Ndinayambira pa chachinayi.

Ndinamugwira mikono n'kumutembenuza kamodzi n'kamodzi. Anali bambo wachikulire, mzungu wa ndevu zoyera, kapaipi kopumira kali kukamwa. Kapaipi kameneko kanayenera kundiuza chifukwa chimene panalibe thovu, koma dzanja langa linali litafika kale pachitsulo cha lamba. Lamba uja, ndi mtovu wake wa makilogalamu asanu ndi limodzi, anatsetsereka pamwala kulowera kwakuya. Masiki ndinachotsa mwaluso kwambiri, ndipo mpaka lero ndimanyadira pamenepo. Bamboyo anatsegula maso, anatsegulanso pakamwa, n'kuyamba kulankhula Chijeremani mokweza.

Apa munthu wanzeru akanaima. Ine ndinaganiza kuti sewero lasintha, wokomoka uja tsopano wasanduka wamantha, ndipo phunziro la achemwali ndinali ndisanaliiwale. Ndinamira, ndinamuzungulira, ndinatulukira kumbuyo, ndinapana thanki ndi mawondo, n'kumupopera jekete mpaka inalira. Bamboyo anafufuma, manja ali m'mwamba, akuphiriphitha. Ndinamuuza m'Chingerezi changa chonse kuti asaope, ali m'manja abwino. Kenako ndinakumbukira kuti sindinaitane thandizo. Ndinakweza dzanja, ndinadzaza chifuwa, ndipo chipisi chija chinandithawa m'mutu.

"Thandizeni! Munthu akumira kuno!"

Mawu amayenda pamadzi. Asodzi amene ankakonza maukonde pagombe anakankhira mabwato m'madzi nthawi yomweyo. Ine ndinabwerera kuntchito. Pophunzira sitiuzira m'kamwa mwa munthu, timauzira pachibwano, choncho ndinamugwira mphumi, ndinamukweza chibwano, n'kuyandikiza milomo yanga kundevu zija. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti kudzanja lake lamanja kunali kamera, ya m'chibokosi cholimba, yokhala ndi mkono wachitsulo wa nyale. Inandipeza pamwamba pa diso lamanzere. Kunawala.

Bala la pachikope limatulutsa magazi ambiri kuposa kukula kwake, ndipo m'madzi oyera ngati amenewo magazi amaoneka patali. Wa m'bwato loyamba ataona kufiira, anthu awiri akulimbana, anakuwa m'Chitonga, ndipo liwu limodzi lokha ndi limene aliyense pagombe anamva: ng'ona. Amayi amene ankachapa anathawa kusiya zovala. Ana anatuluka m'madzi ali maliseche kuthamangira kumsika. Bwato lachiwiri linafika wina ataimirira, nkhafi ili m'mwamba, akufunsa kuti yalowera kuti. Anatikokera m'mabwato osiyana, ine ndi bambo aja, zimene zinali zanzeru.

Nthawi yonseyi mayeso enieni anali kuchitika mbali ina ya boti lathu. Achemwali a ku Monkey Bay anali atagona pamchenga pa mamita asanu ndi limodzi, akuchita ngati akomoka, kudikira kuti woyang'anira pamwamba azindikire kuti gulu labwerera loperewera munthu mmodzi. Anadikira mpaka kuzizidwa. Atatopa anakwera okha, n'kupeza m'boti mulibe woyang'anira, gombe lili piringupiringu.

Anandikhazika pamchenga anthu atazungulira. Amene anagwada patsogolo panga, magolovesi atavala kale, anali achemwali omwewo, milomo ikunjenjemera ndi kuzizira.

"Achimwene, ndaphunzira chithandizo choyamba. Ndikuthandizeni?"

Mawu ochepa chonchi, ndipo anayembekeza mpaka ndinagwedeza mutu. Anaika kansalu koyera pabala n'kupsinja osasiya. Magazi atadutsa sanachotse kansaluko, anangosanjikiza kena pamwamba, monga buku linanenera. Anandiyendetsa chala patsogolo pa maso, anandifunsa dzina langa ndi tsiku, anafunsa ngati khosi likupweteka. Kenako anayamba mafunso aja timaloweza: mukumva bwanji, pali mankhwala kapena chakudya chimene chimakuwengani, mukumwa mankhwala alionse, muli ndi matenda ena. Aphunzitsi anali ataima pambali, kabuku m'manja.

"Mwadya chiyani komaliza, ndipo nthawi yanji?"

Tinaphunzitsidwa kuti wodwala asabise kanthu, chifukwa a chipatala amadalira yankho limenelo. Ndinayang'ana mchenga.

"Mandasi."

"Angati?"

"Anayi. Cha m'ma eyiti. M'boti."

Cholembera cha aphunzitsi chinaima pang'ono, kenako chinapitiriza.

Bambo a ku Germany aja, zinadziwika, anali mlendo wa malo ena ogona, wojambula nsomba wa zaka zambiri. Nsomba za mtundu wa mbuna zimalera ana m'kamwa: yaikazi imasunga mazira m'kamwa mpaka aswe, osadya, ndipo tiana tikakula imatilavula pamalo obisika. Bamboyo anali atapeza yaikazi yotupa masaya pamng'alu wa mwala, ndipo anayandama pamenepo osagwedeza ngakhale chala, akupumira kapaipi kuti thovu lisaithawitse, kudikira kuti ilavule. Akuti inali itangoyamba kutsegula kukamwa. Ndinapita kukapepesa bandeji ili kumutu, aphunzitsi akumasulira. Bamboyo anafunsa funso limodzi lokha, loti bwanji sindinawafunse kaye ngati ali bwino. Msodzi wina wachikulire amene anatitsatira anayankha m'malo mwanga kuti safunsa anadya phula, ndipo aphunzitsi, mwaulemu wawo, sanamasulire.

Za lamba anagamula aphunzitsi. Kufufuza chinthu chotayika pansi pa madzi ndi gawo la maphunziro omwewo, ndiye bala litapola ananditumiza ndi kampasi, mnzanga mmodzi pambali. Umayambira pamene chinthucho chinaonekera komaliza, kusambira molunjika, kukhota, kuwonjezera mtunda, kukhotanso, bwalo la ngodya zinayi likukulirakulira, uku ukuwerenga kukupiza kwa zipsepse. Lambayo tinamupeza pa mamita 14 atakola pamwala, koma chitsulo chomangira chinali chotsegula ndipo mtovu umodzi unapulumuka. Umenewo unalowa pamndandanda wa zodula kumalipiro, pansi pa chidole, pamwamba pa mandasi.

Mayeso ndinabwereza pamodzi ndi gulu lotsatira. Wokomoka wanga ulendo umenewo ndinamuwaza madzi, ndinamuitana, ndinamugwedeza, ndinamufunsanso kachiwiri mpaka iye anatsegula diso limodzi n'kundinong'oneza kuti ndifulumire akuzizidwa. Khadi linabwera. Asodzi a pagombe paja sanaiwale. Ndikamadutsa ndi mathanki wina amafunsa ngati ng'ona ija inapezeka.

Patapita miyezi ingapo abwana analandira uthenga wochokera ku Germany. Kamera ija, pondimenya, inajambula. Chithunzicho n'chakuthwa modabwitsa: thambo labuluu, m'mphepete muli ndevu zoyera, ndipo pakati ponse pali nkhope yanga, maso ali tong'o, milomo nditaisongola, ndikubwera. Aphunzitsi anachisindikiza pa pepala lalikulu n'kuchipachika m'kalasi pafupi ndi bokosi la okosijeni. Ophunzira atsopano akafika pa phunziro la munthu wosayankha pamwamba pa madzi, amawaonetsa chimenecho, kenako amandiitana kuchipinda cha kompuresa kuti ndidzafotokoze ndekha.